Madiresi a Ubatizo

Ndimasoka madiresi a ubatizo ku Casa Amarela,
m'kachipinda koyang'anana ndi msika,
pomwe mabasi a mu Recife amatsokomolera utsi pazenera.
Chaka chino ndasoka makumi atatu ndi anayi.
Onse a ana a eni.

Genivaldo amayendetsa lole ku doko la Suape.
Lachiwiri lina m'mamawa, zaka zisanu zapitazo,
ndinamumva kuchimbudzi akukukuta mano
ngati mkodzo wasanduka tsabola.
Pa kabudula wake wam'kati panali dontho lachikasu.
Ndinachapa, ndinayanika, sindinafunse.
Amati kufunsa ndi kudziwa njira,
koma ine njirayo ndinkaiopa.

Mnzake wa kuntchito anamugawira makapisozi anayi
otsalira m'thumba la jekete.
Anamwa awiri. Moto utazilala
enawo anawaponya m'chitini changa cha mabatani
nati zatha.

Ine sindinamve kanthu, ndikulumbira.
Mwa ife akazi nthendayi imalowa monyang'ama,
nsapato zili m'manja,
n'kukwera usiku kuchokera pakhomo la chiberekero
mpaka m'timachubu tiwiri topyapyala ngati ulusi.
Pachinena pakandipweteka ndinkati ndi mpando wa makina,
ndinkati ndi msambo,
ndinkati ndi nyemba za dzulo.

Chaka chisanathe mwezi unandidumpha.
Ndinatulutsa nsalu yoyera yomwe ndinabisa chikwatiwire,
ndinadula, ndinayamba ndi kolala.
Sabata lachisanu ndi chiwiri ndinagwa pakati pa zidutswa,
phewa likubaya, denga likuzungulira.
Zuleide wogulitsa nsomba ndiye anaimitsa galimoto,
mamba akadali m'manja.

Dokotala Marluce anali wamng'ono kwa ine.
Anajambula kuseri kwa kapepala:
"Apa pali zipsera zokhazokha.
Mimba inafuna kutsika, inapeza njira itasokeka,
inamera pomwe inaimapo, chubu n'kuphulika.
Inayo nayonso ndi yotseka."
Itasokeka, anatero, kuuza ine telala.
Ndinafunsa dzina la wosokayo.
"Chinzonono. Ndipo si cha dzulo.
Jakisoni pa nthawi yake, nonse awiri, bwenzi..."
Anatseka cholembera. Sanamalize.

Genivaldo anabwera kudzandiona akutsimphina,
bondo litatupa ngati papaya,
timatuza tamafinya m'zala.
Ankati ndi kilatchi ya lole.
Anamukoka madzi m'bondomo
ndi singano yaitali kuposa zanga zonse
napezamo mlendo yemwe uja:
anachoka kumunsi, anakwera magazi,
anakamanga msasa molumikizira mafupa.
Makapisozi awiri aja anangomugwedeza tulo.
Miyezi yonseyi tinkangopatsirana
ngati mchere patebulo.

Anagona wodi ya amuna, ine ya akazi,
khoma limodzi pakati,
aliyense ndi botolo lake likudontha.
Dzina la mkazi winayo sindinalifunse.
Ndinangomuuza kuti akamuuze,
pakuti nayenso ali ndi timachubu tiwiri,
mwina nsalu yoyera penapake.

Tikadali limodzi. Musandifunse chifukwa.
Kukachita mitambo bondo lake limayamba kulosera mvula
ndipo amatsika masitepe chammbali ngati nkhanu za mu Capibaribe.

Amayi akabwera ndi makanda kudzayesa,
ndimayamba ndayang'ana maso, kenako muyeso wa chifuwa.
Namwino anandiuza kuti nthenda yomweyi
imadikirira mwana pakhomo pobadwira
n'kumumata zikope ndi mafinya,
ena osadzaonanso kuwala.
Chimvereni zimenezo, diso loyera la khanda
ndimaliona ngati ndalama yotola.

Dzana kunabwera mtsikana wa diresi laukwati.
Ndikumuyesa m'chiuno anadzidzimuka, nagwira pachinena,
nati si kanthu, ndi nsapato zazitalizi.
Ndinalavula mapini m'dzanja.
Ndinatsegula chitini cha mabatani,
ndinamuonetsa makapisozi awiri, osuluka, omatirira,
ndinamuuza basi yopita kuchipatala,
ndinati atenge ndi mwamunayo.
Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.
Diresi lake likadali pahang'ala. Sindikudziwa.

Kolala ija ilipo.
Ndinaipinda kanayi, ndinaikamo thonje.
Ndimabayapo mapini.